Kutchaja Leaf msanga pakhomo: yambani ndi soketi ya buluu, bokosi la pakhoma liyambe ladikira

Funso lachokera kwa mayi wina wokhala pa boma la Thyolo: "Nditatopa ndi mizere ya mafuta ndinagula Nissan Leaf ya 2016 yochokera ku Japan, ya batire la 30 kWh. Ndimagwira ntchito ku Limbe, ndipo kupita ndi kubwera ndimayenda makilomita pafupifupi 80. Ndimatchaja ndi chingwe chomwe anandigulitsira pamodzi ndi galimotoyo, cholembedwa 8A, ndipo ndimachilumikiza pa ekisitenshoni yodutsa pawindo la kukhitchini. Magetsi akangothima usiku, m'mawa ndimapeza batire lisanadzadze. Pulagi nayo yayamba kuda mbali imodzi. Wamalonda wina akuti ndigule bokosi la pakhoma la 7 kW, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Kodi palibe njira yotsikirako mtengo yoti ndizitchaja msanga?"

Mayi, njira yotsika mtengo ilipo ndithu, ndipo bokosi akukutsatsanilo simukulifuna pakadali pano. Koma ndisanafike kumeneko ndiyambe ndi pulagi yomwe mwati yayamba kudayo, chifukwa m'kalata yanu yonse ndi imene yandisowetsa mtendere. Kuyambira lero musaigwiritsenso ntchito. Kudako ndi pulasitiki imene yakhala ikupsa pang'onopang'ono usiku ndi usiku inu muli m'tulo. Pakatentha, kachitsulo kogwira mwendo wa pulagi m'kati mwa soketi kamafooka n'kukhwefuka, ndipo pokhwefukapo pamatenthanso kuposa kale. Zimangopitirira choncho mpaka tsiku lina katani ya pawindo lija idzagwira moto. Pulagiyo ndi soketi imene imalowamo zisinthidwe zonse ziwiri. Ngati ekisitenshoni yanu ili yokulunga pa kagudumu ija, muziitambasula yonse, poti waya wokulungidwa amasunga kutentha. Izitu n'zongodikirira masiku ochepa kuti mmisiri abwere kudzachita ntchito yeniyeni.

Tsono tibwere pa liwiro. Chimene amalonda ambiri safotokoza n'chakuti tchaja yeniyeni ili m'kati mwa galimoto yanu, pansi pa boneti. Ndi imeneyo imasandutsa magetsi a ESCOM kukhala magetsi olowa m'batire. Chingwe chija, ngakhalenso bokosi la pakhoma lija, ntchito yake n'kungotsegulira magetsi, kuyang'anira chitetezo, ndi kuuza galimoto kuti kuno ungakoke mpaka maampu akutiakuti (maampu, olembedwa A, ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya). Leaf za ku Japan za batire la 24 kapena 30 kWh zinabwera ndi tchaja ya m'kati ya 3.3 kW, yomwe kukhoma imakoka maampu 15 kapena 16, osapitirira pamenepo. Za 6.6 kW zilipo, makamaka zomwe zinagulitsidwa ku United Kingdom ndi ku America, koma yanuyi si imodzi mwa izo. Taganizani za chigubu cha kukamwa kung'ono pamjigo. Madzi olowa ndi okhawo kukamwako kwalola. Inu pakadali pano mukuthira ndi kapu, pamene kukamwako kungathe kulandira jagi. Wamalonda uja akukugulitsani ndowa. Bokosi la 7 kW lingathe kupereka maampu 32, galimoto yanu idzatengapo 16 okha, ndipo theka la ndalama zanu lidzakhala likungopachikika pakhoma.

Tiwerengere limodzi kuti muone kusiyana kwake ndi maso. Leaf yoyendetsedwa modekha imadya mayunitsi 15 mpaka 17 pa makilomita 100 alionse. Pa makilomita anu 80 ndiye kuti m'batire mumachoka mayunitsi pafupifupi 13, ndipo ulendo wa m'mawa ndi umene umadya kwambiri chifukwa kuchoka ku Thyolo kudutsa pa Bvumbwe mpaka ku Limbe n'kokwera. Pobwezeretsa, ena amatayika ngati kutentha m'tchaja muja, choncho mita yanu ya ESCOM imawerenga mayunitsi pafupifupi 15 usiku uliwonse. Magetsi athu ndi a 230 V. Mukachulukitsa 230 ndi maampu 8 a chingwe chanucho mupeza 1.8 kW, kutanthauza kuti pa ola limodzi mumalowa mayunitsi osakwana awiri. Mayunitsi 15 aja akufuna maola oposa 8. Pa maampu 10 ndi 2.3 kW, maola 6 ndi theka. Pa maampu 16 ndi pafupifupi 3.6 kW, maola 4 ndi mphindi zochepa. Mwaona? Kungochoka pa 8 kufika pa 16, nthawi yatsika ndi theka. Mukafika pakhomo 6 koloko madzulo n'kulumikiza, pofika 10 koloko kapena chakumapitirira pang'ono ntchito yatha. Magetsi athime pakati pa usiku, inu zanu zayera kale. Ndipo mayunitsi simuwononga ambiri potchaja msanga. Kunena zoona amatsikako pang'ono, chifukwa makina a m'galimoto amakhala ali maso kwa maola ochepa.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangogula chingwe cha maampu 16 n'kuchilowetsa pa soketi ya kukhitchini yomwe ija. Ayi, Mayi, pamenepo m'pamene pali ngozi. Pulagi yathu ya miyendo itatu ili ndi fyuzi ya maampu 13, ndipo ngakhale 13 yomweyo inapangidwira zinthu za kanthawi: ketulo kuwira mphindi zisanu, ayironi kuyaka n'kuzima. Galimoto imakoka mosalekeza kwa maola ambiri osapumira. N'chifukwa chake zingwe zotchajira pa soketi zotere ku United Kingdom, komwe pulagi yathuyi inachokera, amazimanga pa maampu 10. Dziwaninso kuti kutentha pamalo olumikizira sikukwera mofanana ndi maampu. Maampu akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Pulagi yomwe yada ndi maampu 8, pa 16 isungunuka usiku woyamba.

Ndinaziona ndi maso anga panyumba ina kufupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje. Eni ake anandiitana chifukwa galimoto inasiya kutchaja, ndipo mayi wa pakhomopo anandiuza kuti kwa sabata yathunthu pabalaza pankamveka fungo ngati la nsomba yowola. Anasuntha mipando, anasesa kuseri kwa kabati, osapeza kanthu. Fungo limenelo ndi la pulasitiki ya soketi ikamapsa, ndipo aliyense wolimva m'nyumba mopanda nsomba ayang'ane masoketi msanga. Nditazula pulagi, mwendo umodzi unali wakuda bii, pulasitiki yozungulira itatupa ngati chitumbuwa. Chingwe chawo chinali chija chimabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, cholembedwa 200 V, chokoka maampu 15. Wina anadula pulagi yake ya ku Japan n'kuikapo yathu ya miyendo itatu. Fyuzi itapsa kangapo, anaichotsa n'kukulungapo timawaya ta kopa. Apa zolakwika zinali ziwiri. Chingwecho anachipangira magetsi a 200 V a ku Japan, osati athu a 230 amene nthawi zina amakwera kupitirira pamenepo. Komanso fyuzi, mlonda yekhayo amene ankakuwa kuti pano zinthu sizili bwino, anamutseka pakamwa. Kuseri kwa khoma limenelo kunali chipinda chogona ana. Ngati m'buti mwa galimoto yanu muli chingwe cholembedwa 200 V, chisiyeni momwemo.

Nayi tsopano njira yomwe ndikukulangizani. Mmisiri akukokereni waya wakewake kuchokera pa bokosi la maswitchi la m'nyumba, lija amisiri amangoliti DB, mpaka pamene mumaimika galimoto. Waya ameneyu asagawane ndi china chilichonse, kaya firiji kaya babu. Kumapeto kwake aikeko soketi ya buluu ya maampu 16, ya miyendo itatu yozungulira yonenepa, yokhala ndi kachivindikiro. Mwina munaionapo m'mafakitale a tiyi kapena kwa owotcherera zitsulo. M'masitolo a zamagetsi ku Limbe ndi ku Blantyre ena amaitchula kuti industrial socket. Imeneyi inapangidwira kunyamula maampu 16 tsiku lonse osatentha. Pambali pake pakhale switchi yozimitsira, kuti muzilumikiza ndi kuzula magetsi ali ozimitsa. Kwanu ndi kwathu kuno mvula sinyengerera, ndipo chiperoni chimalowetsa chinyontho paliponse, choncho soketiyo ikhale yosalowa madzi, yolembedwa IP44 kapena kuposa, iyang'ane pansi, ndipo ikhale pansi pa denga la khonde pamtunda woti mwana wamng'ono sangafikire. Ine ndimakonda kuitsekera m'kabokosi kachitsulo ka loko momwe mungalowenso kabokosi ka chingwe chija, chifukwa chingwe chosiyidwa poyera usiku chimakopa maso a anthu. Pa soketi imeneyi mudzalumikizapo chingwe chonyamulika cha maampu 16, basi. Zogula zikuluzikulu ndi ziwiri zokha, chingwe ndi waya.

Pa waya m'pamene ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa m'pamene anthu amapusitsidwa. Ngati kuchokera pa DB kufika pagalimoto sipapitirira mamita 20, waya wa 2.5 mm² amakwanira pa maampu 16. Ine ndimasankha wa 4 mm², poti kumadera athu magetsi amafika kale ali ofooka madzulo, ndipo waya woonda amawafooketsanso. Ngati thumba likulola, ikiranitu wa 6 mm². Ameneyo amanyamula maampu 32, ndiye tsiku lomwe mudzasinthe galimoto n'kugula ya tchaja yaikulu simudzaswanso khoma kapena kukumbanso ngalande. Waya akadutsa pabwalo akhale wa armoured, kutanthauza wokutidwa ndi chitsulo, wokwiriridwa bwino pansi, osati wongoyalidwa pa kapinga pomwe khasu ndi makoswe zingamupeze. Pogula, pemphani kachidutswa, musende, ndipo mupale kawaya kamodzi ndi mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka m'kati. Mukaona kuti mwapala pang'ono pokha pansi pake payera ngati ndalama yachitsulo, ameneyo ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Amapepuka m'manja, amathyoka msanga mukamupinda kawiri katatu, ndipo pa ntchito ya maola anayi usiku uliwonse amatentha. Mtengo wake umakhala wokoma kumva, koma musamutenge.

M'bokosi la DB muja mulowe zinthu zingapo zing'onozing'ono zomwe sizidula kwenikweni poyerekeza ndi galimoto yomwe zikuteteza. Choyamba ndi bureka, switchi yogwa yokha magetsi okokedwa akachuluka, ya maampu 20 ya waya yekhayu. Chachiwiri ndi kachipangizo kotchedwa RCD ka 30 mA, kamene kamadula magetsi m'kuphethira kwa diso akangoyamba kudutsa pomwe sayenera, monga m'thupi la munthu wogwira chitseko cha galimoto ataponda pamadzi. Kakhale ka Type A, ndipo chingwe chomwe mugulecho chikhale ndi chitetezo chakechake cholembedwa DC 6 mA. Mmisiri ayezenso earth ya nyumba yanu, waya uja wopititsa magetsi osochera m'nthaka, ndi chipangizo chake choyezera, osati kungoyang'ana ndi maso. Nyumba zambiri zomwe ndalowamo, ndodo ya earth inadyeka kalekale kapena waya wake anaduka polima maluwa. Galimoto ndi chitsulo chachikulu chomwe chaima pa matayala a labala, anthu akuchigwira ali pansi. Earth ikakhala yakufa, zingwe zabwino zimakana n'kutchaja komwe, ndipo zimachita bwino kukana. Pomaliza, musaiwale mphenzi. Dzinja la kuno ziphaliwali zimayenda m'mawaya, ndiye pa DB pakhale surge protector, kachipangizo kotchinga magetsi amphamvu obwera mwadzidzidzi. Palinso vuto lina: akuba akaononga thiransifoma kapena waya wa neutral akaduka, m'nyumba mumatha kulowa magetsi oyandikira 400 V. Kachipangizo koteteza ku magetsi okwera ndi otsika, kogwira ntchito ngati fridge guard koma kokhala mu DB momwemo, kamadula zisanafike pa tchaja ya m'galimoto, yomwe ikapsa kuipeza kwake n'kovuta. Mvula ya mabingu ikayamba inu muli maso, zulani chingwe kugalimoto. Ntchito yonseyi agwire mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, ndipo mumufunse akuonetseni. Mita ya ESCOM ndi mawaya olowa mmenemo asakhudze aliyense.

Tsopano chingwe chenichenicho. Mukatsegula kachitseko ka kutsogolo kwa Leaf yanu mupeza mabowo awiri. Lalikulu ndi la CHAdeMO, la makina othamanga a m'malo otchajira. Laling'ono ndi lomwe mumagwiritsa ntchito pakhomo. Limeneli limatchedwa Type 1, ena amalemba J1772, ndi lozungulira, la timiyendo tisanu, ndipo mutu wa chingwe chake uli ndi kokowera pamwamba. Mukamaitanitsa, dzina limeneli lionekere, chifukwa zingwe zambiri zochokera ku South Africa ndi ku Ulaya ndi za Type 2, za mabowo asanu ndi awiri ndi mutu wophwatalala pamwamba, ndipo zopangidwira msika wa ku China ndi za GB/T. Zonsezo pa galimoto yanu sizilowa. Pa kabokosi ka chingwecho palembedwe kuti chimalandira 230 kapena 240 V. Mbali ya kukhoma ikhale ndi pulagi ya buluu ija. Ndipo chofunika koposa, chikhale ndi batani losinthira maampu, loti mutha kusankha 8, 10, 13 kapena 16. Batani limeneli ndi lomwe limachititsa kuti chingwe chimodzi chikutumikireni paliponse. Pakhomo mumaika pa 16. Mukapita kukagona kwa achibale ku Luchenza komwe kuli soketi wamba yokha, mumalumikiza kachidutswa kosinthira pulagi n'kutsitsa pa 10 kapena 8, osakweza kupitirira apo zivute zitani. Ngati nyumba mukukhalayo ili ya lendi, chingwechi mudzasamuka nacho. Eni nyumba mudzangowasiyira waya ndi soketi.

Pali chinthu chimodzi chomwe opanga zingwe kunja saganizira kwambiri koma kwa ife n'chachikulu: magetsi akathima n'kuyakanso, kodi chingwecho chimapitiriza chokha? Mabokosi ena a pakhoma, makamaka oyendera foni kapena kakhadi, magetsi akabwerera amangokhala phee kudikira kuti munthu awadzutse. Magetsi abwera 1 koloko usiku, inu muli m'tulo, m'mawa batire lili pomwe linalekera. Funsani wogulitsa za chimenechi musanalipire, ndipo chikafika yesani nokha: galimoto ikutchaja, gwetsani bureka ija, dikirani mphindi ziwiri, ikwezeninso, muone ngati timagetsi ta buluu ta pa dashibodi tayambanso kuphethira popanda inu kukhudza kanthu. Onaninso taimala ya m'galimoto. Leaf zambiri za ku Japan zimabwera mwini wake wakale ataitchera kuti iziyamba kutchaja pakati pa usiku, ndipo wotchi yake ingakhale ikuwerengabe nthawi ya ku Japan, yomwe ili patsogolo pa yathu ndi maola 7. Taimalayo izimitseni, poti magetsi athu n'ngosadalirika. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mukukumbukira mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130 MW ndipo kuthimathima kunatenga nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 Freddy anagwetsa mapolo m'maboma athu omwe ano. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukafika pakhomo magetsi alipo, lumikizani nthawi yomweyo musanavule n'nsapato zomwe.

Komabe nthawi yofikira pakhomoyo ndi yomwenso nyumba yonse ikukoka magetsi. Pitani pa DB muwerenge nambala yolembedwa pa switchi yaikulu. Tiyerekeze kuti palembedwa 60. Giza ya 3 kW imatenga maampu 13, ketulo pafupifupi 9 kapena 10, chophikira chamagetsi mbale ziwiri ndi uvuni zikayaka chimatha kupitirira 20. Mukaonjezapo 16 a galimoto mwafika kale m'mphepete. Bokosi la 32 likanakhala pa galimoto yotha kuwakoka onsewo, switchi yaikulu ikanagwa nsima ili pamoto. Apa batani lija likugwiranso ntchito. Nthawi yophika ikani pa 10, mukatha kudya kwezani pa 16, ndipo giza muziyatsa m'bandakucha galimoto itadzadza kale. Mukaona mababu akuchita chizimezime galimoto ikangoyamba kukoka, ndiye kuti magetsi a m'dera lanu afooka kapena pali polumikiza pena pokhwefuka. Tsitsani maampu, ndipo mmisiri ayeze. Zingwe zambiri zabwino zili ndi kagalasi koonetsa mavoliti. Kuwerenga kukamatsikira cha ku 200, musakakamize 16.

Njira ina yomwe anthu amaiiwala, chonsecho ndi yotsika mtengo kuposa zonse, ili ku Limbe komwe galimoto imakhala itangoima kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kambiranani ndi abwana anu kapena eni malo omwe mumaimikapo kuti muikeko soketi ya buluu yachiwiri, yokhala ndi kamita kakang'ono kowerenga mayunitsi, inu muzibweza ndalama ya mayunitsi omwe mwagwiritsa ntchito pakutha pa mwezi. Kamita kameneka kamathetsa kukayikirana, aliyense amaona nambala ndi maso ake. Ulendo wa m'mawa wokha ukufuna mayunitsi 7 kapena 8, omwe pa maampu 16 ndi maola awiri okha basi. Phindu lake lenileni n'lakuti mudzakhala ndi malo awiri otchajira, Thyolo ndi Limbe. Kwina kukakanika, kwina kukuthandizani, ndipo simudzayendanso pa Bvumbwe mtima uli m'mwamba mukuyang'ana nambala ya makilomita otsala.

Za sola ndinene mwachidule, chifukwa ndikudziwa kuti wina akuuzani. Dzuwa likamawala galimoto yanu ili ku Limbe. Kuti musunge mayunitsi 15 masana n'kudzawathira m'galimoto usiku, pakufunika mapanelo a makilowati pafupifupi 4, mabatire atatu a lithium a 5 kWh, ndi inverter yaikulu. Ndalama zake zikuposa za bokosi lija kangapo, ndipo masiku a chiperoni mapanelo sadzadza n'mabatire omwe. Ngati muli kale ndi sola ya pakhomo ya inverter ya 5 kW, Loweruka ndi Lamlungu masana mutha kutchaja pa maampu 8 kapena 10 dzuwa lili pamutu, koma waya wa galimoto usiku usamakoke m'mabatire a nyumba, mungagone mumdima. Jenereta ndi ya tsiku la mavuto okhaokha, ndipo zing'onozing'ono zambiri chingwe chimazikana chifukwa cha earth. Wina adzakuuzaninso kuti mukoketse magetsi a three phase ngati a pachigayo. Leaf pa bowo laling'ono lija imalandira phase imodzi yokha, ndiye palibe chomwe mungapindule. Makina a CHAdeMO oika pakhomo aliko, koma mtengo wake ndi wa bizinesi, osati wa banja.

Sindikunena kuti bokosi la pakhoma n'loipa. Lili ndi malo ake. Mukadzagula galimoto ya tchaja ya 6.6 kapena 7 kW, monga Leaf e+ ya batire la 62 kWh kapena magalimoto atsopano ambiri, mayunitsi 15 aja adzalowa m'maola awiri ndi theka, ndipo pamenepo maampu 32 adzakhala ndi ntchito. Ngakhale tsiku limenelo, soketi ya buluu ya maampu 32 ndi chingwe chonyamulika cha 32 zimachita zomwezo pamtengo wotsikirapo, bola waya wa 6 mm² uja ali kale m'khoma, bureka yasinthidwa, ndipo mwayamba mwafunsa a ESCOM ngati waya wolowa m'nyumba mwanu ndi mita zingasenze katundu wotere.

Mwina mukuopa kuti kutchaja msanga kupha batire. Pa maampu 16 musade nkhawa ngakhale pang'ono, 3.3 kW pa batire la 30 kWh ndi kuyenda kwa pang'onopang'ono, ndipo Nissan anaipanga kuti izitchajidwa choncho tsiku ndi tsiku. Chomwe chimakalambitsa batire la Leaf ndi kutentha, poti lilibe madzi oliziziritsa, komanso kukhala lodzadza mpaka 100 kwa masiku ambiri galimoto isakuyenda. Nyengo yozizira ya ku Thyolo ikukuthandizani kale. Ku Limbe muziimika pamthunzi, ndipo Lachisanu madzulo, ngati Loweruka simuyenda, palibe chifukwa chodzadzitsira, mudzamalizitsa Lamlungu.

Tsiku lomwe mmisiri amalize ntchito, musamulole kuchoka asanadinize batani la T kapena TEST pa RCD inu mukuona, magetsi a soketiyo n'kuduka nthawi yomweyo. Batani limenelo muzilidina nokha pakapita miyezi itatu iliyonse. Usiku woyamba tchajani pa 16 muli maso. Pakatha ola limodzi, gwirani ndi kuseri kwa dzanja pulasitiki ya pulagi ya buluu, chingwe pafupi ndi pulagiyo, ndi nkhope ya bureka mu DB osatsegula chivindikiro cha m'kati. Kufunda pang'ono ngati kapu ya tiyi yomwe yakhalitsa patebulo n'kwabwinobwino. Pakatentha moti dzanja silingakhalepo, zimitsani, ndipo m'mawa mmisiri abwerere adzamange masikuluwu, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala sikuluwu imodzi yomwe sinamangidwe mokwanira. Lembaninso mayunitsi a pa mita musanalumikize ndi m'mawa mwake kwa sabata imodzi, giza ndi chophikira zili zozimitsa usikuwo. Mukapeza kuti galimoto ikudya kupitirira 18 pa makilomita anu 80 aja, yambani mwayeza mpweya wa m'matayala, kenako mundilemberenso mundiuze kuti timizere ta thanzi la batire, tija tating'ono ta kumapeto kwenikweni kwa dashibodi kudzanja lamanja, tatsala tingati mwa 12.